Najma ndi Kakhadi ka Magazi

Najma ankakhala ku Nathenje, kuseri kwa golosale ya makolo ake. Iye ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuteteza amayi ake.

Amayi ankadwala matenda a mitsempha. Matendawo ankagona. Kenako ankadzuka. Akadzuka, miyendo ya Amayi inkachita dzanzi.

Lachitatu kusukulu, mnzake Isake anamunong'oneza. "Anamapopa afika. Amayenda m'chifunga. Amafuna magazi a anthu."

Najma atafika kunyumba, anasuzumira kuchipinda. Anaona Amayi akudzibaya chala. Magazi anagwera pa kakhadi koyera. Dontho. Dontho. Dontho. Amayi anakaika pa kabati kuti kaume.

Lachinayi m'mawa kunagwa chifunga. Msewu sunaoneke. Mitengo sinaoneke. Kunja kunali zii.

Njinga yamoto inatulukira m'chifungamo. Wokwerapo analibe nkhope. Mutu wake unali wakuda bii, wonyezimira.

Najma anatenga kakhadi kaja. Anakabisa m'buku lake la masamu.

Go! Go! Go!

"Odi! Ndabwera kudzatenga magazi," anatero wa njinga uja.

Amayi anayang'ana pa kabati. Panalibe. Anayang'ana pansi pa bedi. Panalibe. Anakhala pampando, atagwira tsaya.

"Kakapanda kupita lero, adokotala sadziwa ngati matenda akudzuka," anatero Amayi.

Najma anaima pakhomo, manja atatambasula. "Amayi, musawatsegulire! Ndi anamapopa!"

Amayi anatsegulabe chitseko. Mlendoyo anakweza manja pang'onopang'ono. Anagwira mutu wakuda uja. Anauvula. Chinali chisoti! M'katimo munali nkhope ya mayi wina, akuseka.

"Ndine Felesiya, wa zaumoyo. Iwe mwana, unamvapo namapopa akuodira pakhomo?"

Amayi anamukokera Najma pafupi. "Mwanangu, matendawa amayamba kuoneka m'magazi. Miyendo imamva pambuyo. Adokotala a ku Lilongwe akayeza timadonthoti. Akatero adziwa mankhwala ondipatsa."

Najma anawerama. Anatsegula buku la masamu. Anapereka kakhadiko ndi manja awiri.

"Pepani, Amayi. Pepani, a Felesiya."

Panapita masabata awiri. Foni ya Amayi inalira. Amayi anawerenga uthengawo kawiri.

"Najma, bwera! Matenda akugona."

Tsiku limenelo Amayi anavala nsapato zawo. Anamuperekeza Najma wapansi, mpaka pageti la sukulu.