Anagula Mvula ndi Mthunzi Wake

Zaka zimenezo mvula ya ku Golomoti inali yatsankho. Inkagwa m'munda mwa a Wilson, oyandikana munda ndi Cosmas, n'kudzathera pamalire penipeni. Kuno kwa Cosmas chimanga chinkapota masamba chisanafike m'mawondo. Dzuwa linkachita kuswa mtengo, nkhuku zili kukamwa yasa pansi pa nkhokwe yopanda kanthu. Cosmas anatopa ndi kubzala kobwereza, anatopa ndi kuyang'ana kumwamba, koma chomwe chinamutopetsa kwambiri chinali kupereka moni kwa a Wilson.

Anapita kwa sing'anga wina kuseri kwa Mtakataka, nkhalamba yosayang'ana munthu kumaso, n'kuipempha kuti mtambo uziima pamunda pake.

"Mthunzi wa mtambo umagulidwa ndi mthunzi, mwana wanga," inatero nkhalambayo. "Kuyambira kubzala mpaka kukolola, usadzakhale pansi pa mtengo dzuwa lili kunja. Ukadzaphwanya, dzuwalo lidzalowa mwa ana ako."

"Zokhazo, agogo?"

"Chaka chino, zokhazo."

Cosmas anaseka chamumtima. Mwana wa kuchigwa n'kumuopseza ndi dzuwa?

Mvula inabweradi. Anakolola, nafolera nyumba ndi malata. Pamaliro anzake akakhala pansi pa mango, iye ankaima poyera thukuta lili kamukamu, anthu n'kumati chuma chamupatsa matama.

Chaka chachiwiri atabwererako, nkhalamba ija inamulanda mthunzi wa chipewa ndi wa khonde. Mkazi wake, Prisca, atamva chinsinsicho analira, namudandaulira kuti zomwe anali nazo zinali zokwana. Iye anavomera ndi pakamwa pokha, poti a Wilson anali atagula ngolo. Paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Chaka chachitatu inamulanda denga. Masana onse asalowe m'nyumba iliyonse.

Ndicho chaka chomwe kunatentha mosasimbika. Zitsime zinaphwa, mbuzi zinkafa zili chiimire. Cosmas ankangozungulira pabwalo, khungu litang'ambika, milomo itachita mamba. Prisca ankamuthira madzi pamutu, koma ankauma chidebe chisanatulidwe. Kenako bamboyo anayamba kuyankhula zosalumikizika. Zinali zomvetsa chisoni, ngakhale kwa omwe ankamunena aja.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo anagwa pafupi ndi khonde. Anansi anathamanga kuti amunyamulire m'nyumba, ena akufuna galimoto yopita kuchipatala ku Mua. Iye anakumba dothi ndi zala, kukanirira. Ana ake awiri anali pakhomo, akumuyang'ana.

"Prisca, auze andisiye pomwe pano," ananong'ona. "Ulowetse anawo."

Prisca anawalowetsa, natseka chitseko. Potuluka anakhala pambali pa mwamuna wake padzuwapo, osayerekeza n'komwe kumuphimba ndi chitenje. Cosmas anatsirizika dzuwa lisanapendeke.

Dyera silinena mtengo wake wonse tsiku loyamba. Kuli bwino kukolola dengu limodzi n'kukhala pamthunzi ndi ana ako, kusiyana ndi kudzaza nkhokwe zodzadyetsa anthu pamaliro ako.