Nsapato Zapepala za Natalie

Madzulo omaliza a ulendo wathu wa ku Vietnam tinali ndi maola asanu ndi awiri opanda chochita. Ku hotela anali atatitulutsa kale masana, ndipo ndege yobwerera ku Perth, komwe timakhala, inali ya pakati pa usiku. Mumzinda wa Ho Chi Minh munkatentha ngati m'khitchini, njinga zamoto zikupiringizana paliponse.

Ndinali ndi Bwalya, mnzanga wa ku Zambia yemwe ndimagwira naye ntchito yosamalira okalamba ku Armadale, dera lina la ku Perth komweko. Iye ankafuna kuti maola otsalawo akasisitidwe mapazi, amwe khofi wozizira, basi. Ine ndinakhala pabenchi n'kutsegula chikwama kuti ndione mphatso. Mmalawi sabwerera kunyumba chimanjamanja, ngakhale ulendo ukhale wa pa Mitundu pomwepa. Khofi wa amuna anga a Overstone analipo. Nsalu za amayi a kwaya zinalipo. Ngakhale neba wathu yemwe sandiyankha moni ndinali nditamugulira kachipewa. Koma mwana wanga Natalie, wa zaka zisanu ndi chimodzi, yemwe anandiuza katatu pafoni kuti akufuna nsapato zofiira, ndinali nditamuiwala. Ine, mayi wake womubereka.

"Uzamugulira ku Kmart, iwe," anatero Bwalya m'Chinyanja chake cha ku Lusaka. "Mwana azaziba bwanji?"

"Adziwa. Amene uja ndi wapolisi."

Tinayamba kuzungulira misika. Kwina nsapato zinalipo koma zazikulu. Kwina zinali zapinki, ndipo Natalie ndi pinki saonana. Kwina ankatseka zitseko ife tikufika. Mdima unagwa, kamvula kanayamba kuwaza, ndipo wa takisi anatitsitsa kudera lina la misewu yothina.

Kumeneko anthu anali atanjuta m'mbali mwa msewu, aliyense pakhomo pake, akuwotcha mapepala m'zitini. Pafupi ndi zitinizo panali timbale ta mpunga, mchere ndi maswiti. Fungo la lubani linali ponseponse.

"Edda, apa sinapakonde," Bwalya ananong'ona.

"Akuwotcha zinyalala, ngati kwathu ku Area 25. Tiye."

Ndimo mmene ndilili ine. Chinthu ndisakuchidziwa, koma yankho ndili nalo kale.

Kumapeto kwa kamsewuko kunali sitolo imodzi yoyaka nyale yofiira. Zonse za mmenemo zinali zapepala. Nyumba zosanja zapepala, magalimoto, mafoni, masuti ndi mataye ake, ngakhale magalasi a m'maso. Ndinaseka n'kunena kuti ana a kuno ndiye amanjoya zidole. Pashelefu ya pansi panali nsapato zofiira, zokhala ndi kaduwa kagolide pamwamba. Ndinaika chikhatho changa pansi pake. Msinkhu wa phazi la Natalie ndendende. Ndinati azikasewera nazo m'nyumba, zenizeni ndidzamugulira bwino.

Wogulitsa anali mayi wochepa thupi, wa msinkhu wanga. Chingerezi sankachidziwa. Analoza nsapatozo, n'kutsitsa dzanja kufika m'chiuno, kufunsa ngati zinali za mwana. Ndinagwedeza mutu, ndikudziloza pachifuwa kuti ndi wanga. Ndinamuonetsa zala zisanu ndi chimodzi.

Mayiyo anaika dzanja pakamwa. Maso ake anadzaza misozi. Anazungulira tebulo n'kudzandigwira manja onse awiri, nthawi yaitali. Kenako anandipatsa cholembera ndi kapepala kachikasu. Ndinamva kuti akufuna dzina. Ndinalemba lonse, Natalie Chimphamba, mwa zilembo zikuluzikulu. Anapaka guluu n'kumata kapepalako m'kati mwa nsapato ya kumanja. Nditatulutsa ndalama anakana, akupukusa mutu.

"Koma anthu aba bakonda bana," anatero Bwalya tili m'takisi.

Ine ndinali wokondwa ngati ndatola. Sindinafunse aliyense kuti mayi uja amaliriranji.

Ku Perth tinafika m'mamawa, kukuzizira kwa mwezi wa Ogasiti. Natalie anakuwa ndi chimwemwe. Nsapatozo anazivala pomwepo n'kuyenda nazo m'khonde la m'nyumba, shwaa, shwaa, pepala likukhula matailosi. Madzulo ndinamuvula n'kuziika pamwamba pa wadirobu ya m'chipinda changa kuti zisang'ambike. M'mawa mwake a Overstone anakwera ndege kubwerera kumgodi komwe amagwira ntchito, kwa milungu iwiri. Tinatsala awiri.

Usiku umenewo ndinadzidzimuka cha m'ma 2 koloko. M'khonde munkamveka phokoso.

Shwaa. Shwaa.

Linkayenda pang'onopang'ono, kuchokera kuchipinda changa kulowera kwa mwana. Ndinaganiza kuti kamtsikana kaja kakwera pampando n'kuzitenga. Ndinadzuka nditakonzeka kukakalipa. Nditayatsa getsi, m'khonde munalibe munthu. Nsapato zinali pakhomo pa chipinda cha Natalie, zitaikidwa bwinobwino pamodzi, zitaloza m'kati. Mwanayo anali m'tulo tofa nato, chala chili m'kamwa.

Ndinadziuza kuti wayenda ali m'tulo. Ndinazitenga n'kuzitsekera mu sutikesi, n'kukoka zipi.

Usiku wachiwiri chinandidzutsa ndi fungo. Lubani, yemwe uja wa m'kamsewu. M'nyumba mwanga simulowa lubani, ngakhale kandulo. Ndinagona chagada, ndikumvetsera. Kenako kunamveka kugogoda pachitseko cha kumbuyo, katatu. Sikunali pamwamba pomwe munthu wamkulu amagogoda. Kunali pansi, cha m'mawondo.

Sindinadzuke. Ndikuvomera, ndinachita mantha mpaka mano kugundana. Ndinafunda bulangeti kumutu ngati mwana, ndikunena Salimo 91 mosokoneza mavesi.

Kutacha, sutikesi inali yotseka monga ndinaisiyira. Nsapato zinali pansi pa bedi la Natalie.

Ndikumupesa tsitsi kuti azipita kusukulu, anandiuza m'Chingerezi chake cha kuno, chija amatafuna mawu: "Amayi, anthu aja anabweranso."

"Anthu ati?"

"Aja amaima pawindo. Anafunsa ngati Natalie ndine. Ndinati eya."

Chipeso chinandigwa m'manja.

Masana omwewo ndinaimbira a Paterson, mkulu wa mpingo wathu wa Amalawi. Anafika madzulo ndi akazi awo, Baibulo lili m'khwapa. Anazitembenuza nsapatozo ndi kamtengo, osafuna kuzikhudza. Ataona kapepala ka dzina anapukusa mutu.

"Amake Natalie, mwatola chithumwa. Anthu ophunzira ngati inu! Dzina la mwana mumalembera munthu wosamudziwa?"

"Ndiye titani, abambo?"

"Chithumwa mankhwala ake ndi moto. Kwathu timatero, ndipo kuno Mulungu ndi yemweyo."

Ndinagwirizana nazo ndi mtima wonse. Ndani wa ife sanaonepo abusa akuwotcha nyanga ndi zithumwa pabwalo la tchalitchi, anthu akuimba? Tinatuluka kuseri kwa nyumba. Tinaika nsapato m'chitini chakale cha penti pa kapinga. A Paterson anapemphera mpaka thukuta, m'chisanu chonsecho, n'kuyatsa machesi.

Zinayaka msanga. Kunali mphepo, masamba a bulugamu akugwedera, koma utsi unakwera choongoka ngati chingwe. Kapepala kachikasu kanapsa komalizira. Ndinaona dzina la mwana wanga likuda chilembo chimodzichimodzi. Tinaimba nyimbo, tinamwa tiyi, alendo anapita.

Usiku umenewo kunali zii. Ndinagona tulo tokoma kwambiri.

M'mawa kuntchito, pa nthawi ya tiyi, ndinkafotokozera Bwalya nkhaniyi, tikuseka. Patebulo lomwelo panali Hanh, namwino wathu wamkulu, wobadwira ku Vietnam koma wokulira kuno. Munthu wosalankhulalankhula. Ndinamuonetsa chithunzi cha Natalie atavala nsapato zija, ndikumuseka kuti kwawo amagulitsa zidole zoyenda zokha usiku.

Hanh sanaseke. Anaika kapu pansi.

"Unamuveka mwana wamoyo zimenezi?"

"Bwanji?"

"Edda, izi si zidole. Ndi katundu wa anthu akufa. Munthu wako akamwalira, umamugulira zovala, nyumba, nsapato, zonse zapepala, kuti asakasowe kanthu komwe ali. Mwezi uno ndi womwe timati zipata za kumeneko zimakhala zotsegula. N'chifukwa chake unaona anthu akuwotcha m'misewu."

Ndinakumbukira misozi ya mayi uja. Ankandipepesa maliro. Ine ndikumwetulira.

"Wogulitsayo sanakulembetse dzina, eti?" anafunsa Hanh.

"Anandilembetsa," ndinatero.

"Chabwino. Palibe vuto. Upite kunyumba, ukamatule kapepalako, ukakanyike m'madzi mpaka inki isungunuke. Nsapatozo ubwere nazo, amayi anga akudziwa kozisiya. Chachikulu, usaziwotche."

Bwalya anagwira mkono wanga pansi pa tebulo.

"Tawotcha dzulo," ndinatero. "Ndi dzina lomwe."

Hanh anatseka maso. Atalankhulanso, mawu ake anali apansipansi, ngati pali wina akumvetsera.

"Kwathu moto suwononga zinthu zimenezi. Moto ndiye positi. Ukawotcha, watumiza."

Safunsa anadya phula, ine ndinadyetsa mwana wanga. Hanh anatuluka panja kukaimbira amayi ake ku Girrawheen. Ndinkamuona pawindo akuyendayenda, dzanja lili pamutu. Atabwerako sanandiyang'ane m'maso.

"Akuti sanamvepo munthu atachita zimenezi. Akuti katundu akafika kumeneko, akufawo amafunafuna mwini dzina kuti amupatse. Akapanda kumupeza pakati pawo, amabwera kudzamufuna komwe katunduyo wachokera."

"Ndiye nditani?"

"Ukhome zitseko. Wina akamuitana mwanayo usiku, asayankhe."

Madzulo amenewo ndinakhoma zitseko zonse, makiyi n'kuwamangirira pa lamba wa gauni langa. Natalie ndinamugoneka pabedi langa, iye chakukhoma, ine cham'mphepete. Ndinamuuza kuti akamva dzina lake asavomere, ngakhale mawuwo afanane ndi anga. Ndinalumbira kuti sindigona. Ndinaimbira a Overstone, koma kumgodi netiweki inali yoduka. Ndinamva sitima yomaliza ikudutsa. Ndinamva 1 koloko ikukwana, kenako 2 koloko. Fungo la lubani linayamba kulowa pansi pa chitseko, pang'onopang'ono. Ndikukumbuka ndikunena kuti ndidzuke ndiyatse getsi.

Nditatsegula maso kunja kunali kutayera. Chakukhoma, pomwe anagona Natalie, kunalibe munthu.

Makiyi anali pa lamba pomwepo. Chitseko cha kumbuyo chinali chokhoma. Ndinachitsegula movutikira, kiyi akukana kulowa.

Natalie anali ataima pakati pa kapinga, pafupi ndi chitini chija, atavala diresi lake logonera. Anali atayang'ana kumpanda. Kapinga yense anali mbuu ndi mame, koma panalibe mapazi ochokera kunyumba. Ndinathamanga n'kumunyamula. Thupi lake linali lofunda bwinobwino. Mapazi okha ndiwo anali ozizira ngati nyama ya mufiriji, ouma, opanda ngakhale dontho la mame. Pakati pa zala panali phulusa.

"Unayankha?" ndinamugwedeza. "Natalie, unayankha?"

"Sanandiitane, amayi. Anangondiyeza nsapato."

Papita milungu itatu. Madokotala amupima magazi, amujambula miyendo, akuti mwanayu ali bwino. A Paterson anabweranso kudzapemphera, koma masiku ano akandiona kutchalitchi amayang'ana kumbali. Amayi a kwaya, omwe aja ndinawagulira nsalu, akunong'onezana kuti ndinapita ku Vietnam kukakhwimira mwana kuti tipeze mapepala okhalira kuno. Ena akuti nsalu zawo anataya. Amayi a Hanh anatumiza mpunga ndi mchere kuti ndiziwaza pageti, ndipo ine, mlembi wa kwaya, ndimawaza madzulo alionse. Akuti mwezi uja watha, zipata zatsekedwa, mwina aiwala. Mawu oti mwina ndi omwe amandisowetsa tulo.

A Overstone anapempha tchuthi. Timagona mwana ali pakati, mwendo wake nditaumanga ndi chitenje ku mwendo wanga. Sanatulukenso. Koma kuzizira kuja kunali m'mapazi mokha, ndipo tsopano kwafika m'mawondo.

Loweruka lapitali ndinapita ku Kmart, monga ananenera Bwalya tsiku lija. Ndinagula nsapato zofiira zenizeni, zachikopa, za lamba. Lolemba m'mawa ndinagwada pakhomo kuti ndimuveke popita kusukulu. Anabweza phazi, akundiyang'ana modabwa ngati ndasokonezeka mutu.

"Amayi, mundiveka bwanji ziwiri? Ndavala kale."

Anatembenuka n'kupita kukatenga chikwama chake, mapazi ali osavala kanthu. M'khonde monse ndinkamva shwaa, shwaa.