Kudikira Pepala Liume

Zaka makumi awiri makaniko wina ndi mkazi wake anakhala mwamtendere, aneba osamvapo phokoso. Ana atakula, mayiyo analowa kalasi yojambula ya Loweruka masana, m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya mabuku. Maburashi anamugulira ndi mwamuna wake yemweyo.

Mphunzitsi, mdala wa imvi, anamupatsa chithunzi chakale choti atengere: nkhope yoduladula m'timakona, mphuno kumbali, maso onse mbali imodzi. Penti wake anali wosungunula ndi madzi, ndipo penti ameneyu safuna phuma. Ukapaka kachigawo kamodzi umadikira kaume. Ukapaka koyandikana nako kakadali konyowa, mitundu imalowererana, ntchito yonse yawonongeka. Choncho mayiyo ankachedwa kubwerera kunyumba.

"Maola atatu, tizidutswa tinayi basi?" mwamunayo anafunsa atagwira pepala.

"Timadikira liume, abambo."

"Mumadikira ndi ndani? Mukamadikirapo mumatani?"

"Timangokhala. Aa, ndatopa nawo mafunso anuwa."

Mchemwali wa makanikoyo ndiye anasonkhezera moto. "Achimwene, alamuwa ndawaona pawindo. Burashi ili pansi, iwo akungoseka ndi mdala uja."

Nsanje imatopetsa, abale. Munthu amadya osamva kukoma, kuntchito amamanga bawuti yomweyo kawiri.

Loweruka lina makanikoyo anakwera masitepe a kukalasi kuja, sipanala ili m'thumba la ovolosi. Ophunzira ena anali atapita. Anapeza awiriwo atakhala pabenchi imodzi, manja ali lende, pepala lonyowa lili patebulo. Sanafunse kanthu. Anamenya kamodzi kokha, ndipo mdalayo sanadzukenso.

Kukhoti anabweretsa chithunzi chosamaliza chija. Ophunzira anachitira umboni kuti onse ankadikira chimodzimodzi, ena mpaka kuwodzera. Woweruza anagamula kuti makanikoyo akakhale kundende zaka makumi awiri ndi zisanu.

Mkazi wake anakamuona kundende kamodzi.

"Amayi, ndiuzeni zoona, mtima ukhale pansi," anatero makanikoyo. "Panalibedi kanthu?"

Mayiyo anamuyang'ana, maso ali ouma.

"Munthu mwapha, ndipo mukufunsabe?"

Anatola chikwama chake n'kutuluka, osabweranso.

Chimene chimandimvetsa chisoni n'chakuti nsanje imameza munthu, banja ndi zaka, koma siikhuta. Mpaka lero makaniko uja amafunsabe funso lomwelo kwa akaidi anzake, anthu oti mayiyo sanamuonepo n'komwe.