Tombolombo wa Chitsulo Chosungunula

Amene anandiwononga ndi Tatsugoro, mwana wa mlongo wanga, chaka chimene moto unapsereza msika wa nsomba kuno ku Hagi.

Anakulira m'nyumba mwanga. Mkazi wanga Otsune ankamupatsa mpunga woyera ife tikudya mapira. Ndinamuphunzitsa kusula tsuba, kachitsulo kotchinga dzanja pa chigwiriro cha lupanga. Pakhomo pa chipala changa panali chingwe chaudzu cha milungu, ndipo munthu sankalowamo osasamba madzi ozizira ndi kuwaza mchere. Pa tsuba zanga ndinkajambulapo tombolombo, chifukwa sauluka chobwerera m'mbuyo. Asamurai, ankhondo olemekezeka a dziko lathu, ankazikonda.

Kenako Tatsugoro anadziwana ndi Yasohachi, wogulitsa zakale, amene anamuzoloweza mowa wampunga.

"Iwe, manjawo ukusungira ndani?" ankatero Yasohachi. "Amalume ako amenya chitsulo chimodzi mpaka mwezi kutha. Sungunula, thira m'chikombole, lembapo dzina lawo. Ndani amaluma tsuba kuti aone kulimba?"

Tsiku lina Tatsugoro analowa m'chipala akununkha mowa, osasamba.

"Tuluka!" ndinatero. "Wadutsa pansi pa chingwe uli wodetsedwa."

"Amalume, milungu yanuyo ili ndi mphuno?"

"Chitsulo chosungunula chimasweka ngati mbale, mwana iwe. Kuseri kwa tsuba kuli zala za munthu."

"Masiku ano akumenyana ndani? Malupanga ndi ongotchenera."

Otsune anamugwira mkono akulira. Tatsugoro anamukankha, natenga tsuba yanga imodzi yokaumbira chikombole, n'kupita.

Sipanapite nthawi, msamurai wina wachinyamata, a Kumagai, anakumana ndi achifwamba panjira yakumapiri. Anatchinga lupanga, tsuba inasweka, zala zitatu zinagwa pansi. Anabwera kwathu ndi zidutswa m'kansalu. Dzina langa linali pomwepo.

"Mkulu, tombolombo wanu uyu," anatero.

Ndinagwada mpaka chipumi kugunda dothi. Ndinalumbira kuti si ntchito yanga, koma ndani akanamva? Akuluakulu anandiletsa kusula. Wansembe wa kukachisi anabwera yekha kudzamasula chingwe chija. Anansi amene ankadya kwathu anayamba kulambalala. Otsune anamwalira dzinja lomwelo. Lero ndimanola mipeni ya ogulitsa nsomba, ine amene dzina langa linkayenda m'chiuno mwa anthu aulemu.

Ananu, imvani. Ulesi ndi mowa zimayamba ndi kudya ena, koma zimamalizira mwini wake. Ukanyenga pa ntchito imene munthu waikirapo moyo wake, wapha, ngakhale usaone magazi.

A Kumagai anaphunzira kugwira lupanga ndi dzanja lamanzere. Atadziwa amene anaumbadi tsuba ija, anamupeza Tatsugoro padoko la ku Shimonoseki akudikira bwato, ataledzera. Tatsugoro anasolola kalupanga kake kapaulendo kuti atchinge. Tsuba yake inali ya m'chikombole chomwe chija. Inasweka, lupanga la a Kumagai n'kumupha. Anamuika m'manda a alendo, popanda mwala.