Mpira Umene Sunatsike

Anthu akamva kuti munthu amalipidwa posewera mpira wa ku America, amayesa ndi mpondamatiki. Akanamuona Rennick Fontenot masiku amenewo! Ankakhala m'kanyumba ka lendi kunja kwa New Orleans, galimoto yake yolira ngati chigayo, pomwe anzake a m'timu ankasintha magalimoto ngati malaya. Nsanje inkamudya, tisabise.

Ntchito yake inali imodzi basi. Timu ikalephera kupita chitsogolo, iye ankalowa n'kumenya mpira m'mwamba, kutali, kuti uchedwe kutsika mpaka anzake atafika pamene ugwere. Koma mwendo unayamba kutha. Mipira yake inkatsika msanga, adani n'kuiwakha, liwiro mpaka kukagoletsa.

"Iwe Fontenot, mwendowo wasanduka phala?" anatero kochi pamaso pa onse. "Ndapeza wina wa ku Australia. Ukabwerezanso, longedza."

Masana omwewo Rennick anapita kwa a Prosper, mkulu wosoka nsapato kuseri kwa msika, amene anthu ankanong'onezana kuti sasoka zikopa zokha.

"Vula yakumanja," anatero mkuluyo asanauzidwe n'komwe vuto. "Ukufuna mpira uzichedwa m'mwamba. N'zazing'ono zimenezo. Koma mpira suyandama ndi mphepo yaulere, mwana wanga. Umafuna mpweya wa munthu."

"Wanga?"

"Wako ngwantchito yanji? Kunyumba uli ndi yani?"

"Mkazi wanga Corinne, ndi mwana wathu wamkazi, Odile."

"Odile." Mkuluyo analitchula pang'onopang'ono ngati akulilawa. "Chizimba n'chimenecho. Mpira ukachoka paphazi pako, mwanayo sapuma. Ukatera, apuma."

Rennick anaseka. "Mpira suchedwa kwenikweni m'mwamba, bambo. Mwanayo akamasambira amagwira mpweya kuposa pamenepo."

"Ndiye ukuopanji? Suja amati chouluka chimatera?"

Mkuluyo anasokerera kanthu kakuda m'kati mwa nsapatoyo, ndipo ndalama anakana.

Abale inu, Lamlungu lotsatiralo bwalo linazizwa. Mpira unakwera, n'kukhala phee m'mwamba, adani makosi ali kumwamba mpaka anzake a Rennick atawazinga. Kochi uja anayamba kumutchula kuti mwana wake. Kontirakiti yatsopano inabwera, kenako nyumba yokhala ndi dziwe losambiramo.

Tsiku lina pa chakudya cham'mawa Odile anati, "Adadi, mukamenya mpira pa kanema paja, pakhosi panga pamatseka."

Madokotala anati ndi mphumu, n'kumupatsa kopopera m'kamwa. Sikanathandize. Sabata ndi sabata mpira unkachedwerachedwera m'mwamba, ndipo mwana anayamba kuchita kugwa, maso atatuzuka, manja ali pakhosi.

"Bambo a Odile, ndi mphumu yanji yodziwa Lamlungu lokha?" anafunsa Corinne.

Rennick anangosintha nkhani. Ankamukonda mwanayo, zoona, ndipo mantha ankamugwira nthawi zonse akamamanga zingwe za nsapato ija. Koma kunatsala masewero amodzi, aakulu, a chikho. Mumtima anati, awa okha, ndikatha ndikaiponya mumtsinje. Paja chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Masewerowo anachitikira m'bwalo lofolera, ndipo Corinne ndi Odile anakhala mipando yakutsogolo. Nthawi ya Rennick itakwana, anaumenya monga sanaumenyerepo. Mpira unakwera, kukwera, kukalowa pakati pa zitsulo za denga, n'kukanirira pomwepo.

Bwalo lonse linafa nacho chiseko. Oyimbira anaitanitsa mpira wina kuti abwereze.

"Autsitse! Utsitseni!" Rennick anakuwa, n'kuvula chipewa chake cholimba kuponya kudenga. Sichinafike ngakhale theka. Anavula nsapato, kuing'amba ndi mano. Anzake anamugwira akuseka, kuyesa ndi nthabwala. M'phokoso lonselo iye anamva mawu amodzi okha, a Corinne akuitana dzina la mwana.

Mpirawo amisiri anakautsitsa m'mawa mwake, Odile atamwalira kale.

Lero Rennick amayendayenda m'misewu phazi limodzi lopanda nsapato, atanyamula ndodo yaitali, maso kumwamba. Corinne anabwerera kwao, nyumba ija inagulitsidwa. Rennick akaona ana akuponyerana mpira, amawathamangira akulira, "Tsitsani, chonde, mwana apume!"

Mwendo ukatha, munthu umavomera n'kukafuna ntchito ina. Umphawi supha ngati dyera. Chuma chokhwimira sichibwera chaulere, ndipo mwini chizimba satenga chimene ungathe kutaya. Amatenga chimene unkachivutikira.