Uthenga wa Wamagalasi

Tsiku limene mkazi wake anapeza ntchito yosamalira makompyuta, wowotcherera zitsulo wina anavina khanda lili m'manja. Banja linkakoma, anthuni.

Kenako foni ya mayiyo inayamba kulira kosalekeza. Akudya, yalira. Akusambitsa mwana, yalira. Dzina lotuluka linali limodzi: Wamagalasi, mnzake wa kuntchito. Ikangolira, mayiyo ankasiya zonse n'kuthamangira pa laputopu.

"Mayi a mwana, mwamuna ameneyu akufunanji pakhomo panga?"

"Wolemba si iyeyo, bambo. Kompyuta yaikulu ya kuntchito imayendetsa makompyuta ena ongoyerekezera m'kati mwake. Mu purosesa, ubongo wa kompyutayo, muli kawotchi kamene kamagogoda pafupipafupi. Yaikuluyo ikachedwa kuwapatsira enawo kugogodako, nthawi yawo imatsalira, ntchito n'kusokonekera. Ndiye Wamagalasi anakonza zoti zikatero, uthenga uzibwera wokha."

"Wokha? M'dzina lake? Mwandiyesa mwana eti?"

Mlongo wake wa bamboyo anasonkhezera moto. "Achimwene, ndawaona alamu masana, mitu pamodzi ndi wamagalasi uja. Kuseka kwake!"

Nsanje njoipa. Ikalowa mumtima, imayamba yatseka makutu.

M'mawa wina mwana anatentha thupi. Makolo onse awiri ali naye pamzere kuchipatala, foni inalira. Mayiyo anawerenga, nkhope n'kugwa.

"Tamugwirani, makina aima. Ndibwera posachedwa."

Bamboyo analandira mwanayo. Kusiya mwana wodwala chifukwa cha mwamuna! Anakatula khandalo kwa mlongo wake, n'kudzera kushedi kwake kukatenga chitsulo. Atafika kuntchitoko, anapeza mkazi wake ndi Wamagalasi m'chipinda chozizira cha makina, awiriwiri, ataweramira sikirini imodzi. Sanafunse kanthu. Anamenya kamodzi kokha, magalasi n'kugwera pansi pa tebulo, mwini wake osadzukanso.

Woweruza anagamula kuti bamboyo akakhale kundende moyo wake wonse. Apolisi akumutulutsa, anapeza mkazi wake ataima pakhonde, mwana kumbuyo. Pomwepo foni inalira. Mayiyo sanaiwerenge. Anangoitembenuzira kwa mwamuna wake kuti aone dzina.

Wamagalasi.

"Munthuyu tinamuika m'manda kalekale, bambo a mwana. Ndiye walemba ndani?"

Bamboyo anayang'anitsitsa dzinalo. Mwana anatambasula manja kuti abambo ake amunyamule, koma manja awo anali mu unyolo.

Chimene anachikana patebulo la pakhomo pake anachikhulupirira pakhonde la khoti. Akanangonena kuti "tandionetsani", bwenzi lero mwanayo akukula ndi bambo.