Mawanga pa Mano a Gizela

Gizela ankakhala ku Degue, mumzinda wa Tete. Mano ake awiri akutsogolo anali ndi mawanga. Mawangawo anali oyera ngati choko.

Gizela ankatsuka m'mawa. Ankatsuka madzulo. Mawanga osachoka.

Kwawo ku Angónia, anthu ena amatsuka mano ndi makala. Gizela anaonapo. Koma ababa ake ankayendetsa kamyau, chigalimoto chonyamula malasha ku Moatize.

"Makala ndi ofewa," anaganiza Gizela. "Malasha ndi olimba. Malasha ndiye athana nawo."

Nzeru zina ndi zoopsa ndithu. Gizela anapeza kachidutswa ka malasha mu jombo ya ababa. Anakasinja. Anakwecha mano. Anakwechanso.

Amayi analowa. Beseni linawapulumuka m'manja.

"Mayo! Mwana iwe, wadya chiyani?"

Milomo inali bii. Lilime linali bii. Nkhama zinkatuluka magazi. Nanga mawanga? Anali pomwepo, mbee.

"Malasha si a m'kamwa," anatero amayi. "Nkhamazi zikapola, tipita kwa dotolo wa mano."

Ababa anagwira pakamwa. "Akazula onse awiri," ananong'oneza.

Gizela anamva. Anachita mantha kwambiri. Iye ankawafuna mano akewo.

Nkhama zinapola. Gizela ndi amayi anakwera shapa, kaminibasi, kupita m'tauni. Dotolo wake anali mayi, dzina lawo Hermínia.

"Tsegula pakamwa, mwana wanga," anatero dotolo.

Gizela anatseka milomo. "Muzula?"

"Sindizula."

"Muboola?"

"Sindiboola. Ngakhale jakisoni palibe."

Amayi anatong'ola maso. "Nanga muchita chiyani, adotolo?"

"Pa mawangapa pali timabowo tosaoneka," anatero dotolo. "Ndithiramo mankhwala. Timabowo titsekeka."

Dotolo anapaka mankhwala oyamba. Anatsuka. Anaumitsa. Anapaka ena onga madzi. Kenako anayatsa kanyali kabuluu.

Gizela anadikira ululu. Anadikira. Ululu osabwera.

"Tatha," anatero dotolo. Anamupatsa galasi.

Gizela anayang'ana. Mawanga palibe. Anayang'ananso. Mano alipo.

Kunyumba anapeza ababa akuphika. Anaphika phala la malambe, lofewa kwambiri. Nkhope yawo inali yachisoni.

"Pepa, mwana wanga," anatero ababa. "Idya pang'onopang'ono. Ili silifuna kutafuna."

Gizela anamwetulira. Anamwetulira mpaka mano onse poyera.

Supuni inagwa pansi.

"Sanazule?" anafunsa ababa.

"Sanazule, ababa."

"Onse alipo?"

"Onse alipo."

Ababa anayang'ana mano. Anayang'ana amayi. Anayang'ana phala.

"Nanga phala lonseli adya ndani?"

"Idyani inu, ababa," anatero Gizela. "Ine ndikufuna chimanga chootcha."